Luigi Galvani

Luigi Galvani (9 Seputembala 1737 – 4 Disembala 1798) anali dokotala komanso mphunzitsi wa kapangidwe ka thupi wa ku Bologna, m'dziko la Italy. Amadziwika chifukwa chosonyeza kuti minyewa ndi minofu ya nyama zimagwira ntchito ndi mphamvu ya magetsi.

Maphunziro ndi banja

Galvani anabadwira ku Bologna ndipo anamaliza maphunziro a udokotala pa yunivesite ya mumzindawu mu 1759. Kenako anayamba kuphunzitsa pomwepo, ndipo mu 1782 anakhala pulofesa wa uzamba. Mkazi wake, Lucia Galeazzi, ankamuthandiza pa kafukufuku mpaka pamene anamwalira mu 1790.

Kafukufuku wa achule

Kuyambira cha m'ma 1780, Galvani ankayesa magetsi pa miyendo ya achule akufa. Anaona kuti mwendo unkaphiriphitha makina a magetsi akathetheka pafupi, pamene mpeni wakhudza mnyewa. Mu 1786 anakoloweka miyendo pa mpanda wachitsulo ndi ngowe zamkuwa, ndipo inaphiriphitha popanda makina alionse. Iye anaganiza kuti magetsiwo ali m'thupi la nyama momwemo, ndipo minyewa imawatengera ku minofu. Anafalitsa zimenezi mu 1791 m'buku la Chilatini lotchedwa De viribus electricitatis in motu musculari commentarius.

Mkangano ndi Volta

Alessandro Volta wa ku Pavia anatsutsa mfundoyi. Iye ankati magetsi akuchokera pa zitsulo ziwiri zosiyana zikakhudzana, ndipo chule akungosonyeza kuti alipo. Poyankha, Galvani anachititsa mwendo kuphiriphitha pokhudzitsa mnyewa pa mnofu, popanda chitsulo chilichonse. Komabe Volta atapanga batire yoyamba mu 1800, akatswiri ambiri anakhala kumbali yake. Patapita zaka pafupifupi 40, Carlo Matteucci ndi Emil du Bois-Reymond anayeza magetsi a m'minofu ndi m'minyewa. Zinadziwika kuti aliyense mwa awiriwo ankanena zoona pa mbali yake.

Imfa yake

Asilikali a Napoleon atalanda kumpoto kwa Italy, boma latsopano linalamula aphunzitsi kulumbira kuti adzalimvera. Galvani anakana, ndipo mu 1798 anachotsedwa ntchito. Anamwalira chaka chomwecho m'nyumba ya m'bale wake, ali wosauka.

Ntchito yake masiku ano

Madokotala tsopano amaika tizipangizo m'thupi kuti tizitumiza magetsi ku minyewa. Mwachitsanzo, mu 1997 dziko la United States linavomereza kachipangizo kolumikizidwa ku mnyewa wa vagus wa m'khosi kothandiza odwala khunyu. Vuto lalikulu ndi lakuti mnyewa ndi wofewa, choncho chinthu cholimba chimauvulaza n'kuchititsa chipsera chomwe chimatchinga magetsi. N'chifukwa chake ofufuza akupanga tizipangizo tofewa, totha kupindika komanso kukhalitsa m'thupi. Kampani ya Galvani Bioelectronics, yomwe GSK ndi Verily anakhazikitsa mu 2016, inatenga dzina lake.