Ousmane Sembène ndi Azungu Ojambula Mafilimu

Ousmane Sembène anabadwa m'chaka cha 1923 ku Ziguinchor, m'dziko la Senegal. Sukulu sanapite nayo patali. Anayamba kulemba mabuku akugwira ntchito yonyamula katundu padoko la Marseille ku France. Koma mabukuwo anali a m'Chifalansa, pamene anthu ambiri kwawo sankadziwa kuwerenga. N'chifukwa chake anakaphunzira kujambula mafilimu ku Moscow.

Mafilimuwo ndiwo anamufikitsa ku zikondwerero za mafilimu za ku Ulaya, komwe ankakumana ndi akatswiri achizungu. Mu 1967 anali mmodzi mwa oweruza ku Cannes. Chosangalatsa n'chakuti pocheza ndi Azunguwo sankadzichepetsa ngati mlendo wodzapempha mchere. Mu 1965 anatsutsana ndi Jean Rouch, Mfalansa yemwe anatchuka pojambula miyambo ya ku Niger ndi maiko oyandikana nawo. Rouch ankaona kuti diso la mlendo limaona zimene eni mudzi saziona. Sembène anamuyankha mosapsatira mawu kuti ojambula otere amayang'ana Mwafirika ngati kachilombo kofufuzidwa, osati munthu woganiza. Apa ine ndili mbali ya Sembène, ngakhale kuti Rouch sanalankhule zopanda mutu.

Mu 1988 filimu yake ya Camp de Thiaroye, yonena za asilikali achikuda omwe Afalansa anawapha mu 1944 atafunsa malipiro awo, inapata mphoto ku Venice, koma ku France inatha zaka zambiri osaonetsedwa. Sembène anamwalira ku Dakar mu 2007.