John Chilembwe: M'busa wa ku Mbombwe Amene Anafunsa Kuti Nkhondoyi ndi Yayani

Ambirife timaona nkhope yawo tsiku ndi tsiku tikamalipira minibasi kapena tikamagula sopo pa okala, chifukwa ili pa ndalama ya K500 ndi ya K2,000. Pa 15 Januwale sitilowa m'kalasi chifukwa cha iwo. Koma wina atatifunsa kuti M'busa John Chilembwe anachita chiyani, timangoti anatsogolera anthu amene anadula mutu wa mzungu ku Magomero, nkhani n'kuthera pomwepo. Usiku umenewo unalipodi, koma moyo wawo unali wa zaka zoposa 40. Tikautsata kuyambira pachiyambi, tikuona zimene zimachitikira anthu a boma laling'ono ngati Chiradzulu pamene dziko lamphamvu likugamula za iwo lili kutali.

A Chilembwe anabadwira ku Sangano m'boma la Chiradzulu cha m'ma 1871. Bambo awo anali Myao, mayi awo anali Mmang'anja. Dera limene anakuliramo silinali pa mtendere. Malonda a akapolo anali mkati, mafumu ankalimbana okhaokha, ndipo mu 1884 Angoni anawoloka Shire n'kuthira nkhondo midzi ya kumapiri kuno. Chaka chomwecho mayiko a ku Ulaya anayamba msonkhano ku Berlin wokambirana za kagawidwe ka Africa, ndipo panalibe mfumu ya kuno ngakhale imodzi imene inaitanidwa.

Nthawi imeneyo dziko lamphamvu koposa onse linali Britain. Chifukwa chimene Angerezi ankanena poyera chinali choti akufuna kuthetsa ukapolo ndi kuteteza amishoni awo a ku Blantyre ndi ku Livingstonia. Chinalipo chinanso: sankafuna kuti Apwitikizi atenge dera la Shire. Mu Januwale 1890 boma la ku London linaopseza Portugal kuti ichotse asilikali ake kuno, ndipo inawachotsadi. Chaka chomwecho Angerezi anagwirizana ndi Ajeremani kuti malire a kumpoto akhale mtsinje wa Songwe. Mu 1891 analengeza kuti dziko lino lili m'manja mwawo, ndipo anatuma Harry Johnston kudzalilamulira. Ukapolo anauthetsadi, ndipo pamenepo sitingawanamizire. Koma boma la ku London silinkafuna kuwononga ndalama zake kuno. Ndalama zina zoyendetsera dziko zinkachokera ku kampani ya Cecil Rhodes, zina ku msonkho wa nyumba, ndipo malo ambiri achonde a kumapiri a Shire anapita m'manja mwa azungu ochepa.

Mu 1892 kunabwera mmishoni wina wachingerezi dzina lake Joseph Booth, wochokera ku Australia, ali ndi mwana wake wamkazi Emily. Iye anayambitsa Zambezi Industrial Mission ku Mitsidi, pafupi ndi Blantyre. A Chilembwe analowa ntchito ya m'nyumba mwake, ankasamalira Emily, ndipo anabatizidwa mu 1893. Booth anali wosiyana ndi azungu anzake chifukwa ankalalikira poyera kuti anthu akuda ali ndi ufulu pa dziko lawo, ndipo ankalipira antchito ake bwino kuposa eni minda. Ife a Adventist timalidziwa dzinali, pakuti ndi Booth yemweyo amene mu 1902 anabwera ndi Thomas Branch, m'busa wakuda wa ku America, kudzayamba ntchito ya mpingo wathu pa Plainfield Mission ku Thyolo, pamalo amene mu 1907 anatchedwa Malamulo. Choncho Mbombwe ndi Malamulo ndi mitengo iwiri imene munthu mmodzi anaikako dzanja, ngakhale inakula mosiyana.

Mu 1897 Booth anatenga a Chilembwe kupita nawo ku America. Kumeneko mpingo wa anthu akuda wa National Baptist Convention unawalandira n'kuwatumiza ku Virginia Theological Seminary and College mumzinda wa Lynchburg. Anaonako anthu akuda ali ndi makoleji awo, nyuzipepala zawo ndi matchalitchi awo akuluakulu. Anaonanso malamulo a tsankho amene ankalekanitsa akuda ndi oyera m'sitima ndi m'sukulu, ndipo anamva za anthu akuda ophedwa ndi magulu a anthu popanda kuweruzidwa. Anabwerera kwawo mu 1900 ali m'busa wodzozedwa, ndipo anayambitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe.

Zaka khumi ndi zinayi zotsatira sizinali za mfuti. Zinali za khasu, singano ndi choko. A Chilembwe ndi akazi awo a Ida ankaphunzitsa anthu kuwerenga, kusoka, kulima ndi kuvala mwaukhondo. Amishoni awiri akuda a ku America, Landon Cheek ndi Emma DeLany, anabwera kudzawathandiza m'zaka zoyambirira. Pofika 1912 mishoniyo inali ndi sukulu zingapo zokhala ndi ana pafupifupi 1,000, ndipo mu 1913 inamaliza tchalitchi chachikulu cha njerwa. Chiyembekezo chawo chinali chakuti Mwafrika akaphunzira, akagwira ntchito molimbika ndi kudzilemekeza, boma lidzamuona ngati munthu.

Oyandikana nawo sankaona choncho. Mbombwe inachita malire ndi minda ya A. L. Bruce Estates ku Magomero, kumene ankalima thonje ndi fodya, ndipo woyang'anira wake anali William Jervis Livingstone. Ambiri ogwira ntchito kumeneko anali Alomwe amene anathawa nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique. Analibe kwina kopita, ndiye ankavomera chilichonse. Mawu akuti thangata, amene kwa makolo athu ankatanthauza kuthandizana pa ntchito, anasanduka dzina la ntchito yokakamiza yolipirira malo okhala ndi msonkho. Mwezi wa thangata unkatalika monga mmene bwana wafunira, ndipo chikoti sichinkakhala patali. Anthuwa akamanga tchalitchi cha udzu cha PIM m'mindamo, a esiteti ankachiwotcha. Njala ya 1912 ndi 1913 inawonjezera mavutowa. Nawonso a Chilembwe anali ndi ngongole, ankadwala mphumu, ndipo maso awo anayamba kufooka.

Panalinso chinthu china chimene chinkawapweteka kwa nthawi yaitali. Britain inkaona dziko lino ngati nkhokwe ya asilikali otsika mtengo. Mu 1900 anyamata a kuno anatumizidwa kukamenyana ndi Aashanti m'dziko limene lero ndi Ghana. Ena anatumizidwa ku Somaliland, ndipo mu Epulo 1903 ambiri a gulu la King's African Rifles lochokera kuno anaphedwa pa nkhondo ya ku Gumburu. Anthu amenewa analibe mlandu ndi Msomali kapena Mwaashanti. Anafera mkangano wa eni ake, ndipo akazi awo amasiye anapitirizabe kufunsidwa msonkho.

Mu Ogasiti 1914 Britain ndi Germany zinayamba kumenyana chifukwa cha nkhani za ku Ulaya. Malire a pa Songwe aja, amene anajambulidwa popanda kufunsa aliyense wa kuno, anasanduka bwalo la nkhondo. Mwezi womwewo sitima ya Angerezi yotchedwa Guendolen inawombera sitima ya Ajeremani pa nyanja yathu. Pa 9 Sepitembala kunali nkhondo ku Karonga, ndipo ambiri mwa akufa mbali zonse ziwiri anali Aafrika. Akuluakulu amati njovu zikamamenyana umavutika ndi udzu, ndipo udzuwo unali makolo athu.

Chinthu choyamba chimene a Chilembwe anachita chinali kutenga cholembera. Mu Novembala 1914 analemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times m'malo mwa anthu a mtundu wawo. Anakumbutsa boma za magazi amene anthu a kuno anakhetsa kale m'nkhondo za Britain. Anafunsa ngati padzakhala phindu lililonse kwa eni dziko nkhondo ikadzatha. Ananena kuti nthawi ya mtendere zabwino zonse zimakhala za azungu, koma nthawi ya nkhondo munthu wakuda amakumbukiridwa. Anati amene ali ndi chuma, masitolo ndi minda ndiwo apite kukamenya nkhondoyo, osati amphawi amene adzangosiya akazi amasiye ndi ana amasiye. Boma la Bwanamkubwa George Smith silinayankhe. Linaletsa kuti kalatayo ifalitsidwe, ndipo linayamba kukonza zowathamangitsa m'dziko.

Pakati pa kalata ija ndi usiku wa ku Magomero panadutsa miyezi iwiri yokha. Loweruka usiku, pa 23 Januwale 1915, magulu a anthu awo ananyamuka ku Mbombwe. Gulu lina linapha Livingstone m'nyumba mwake n'kumudula mutu. Azungu ena awiri a pa esitetiyo, Duncan MacCormick ndi Robert Ferguson, anaphedwanso. Akazi ndi ana achizungu sanaphedwe, pakuti a Chilembwe analamula kuti asawachite choipa. Gulu lina linapita ku Blantyre kukathyola nyumba yosungira mfuti ya kampani ya Mandala, koma linangopeza mfuti zochepa. M'mawa mwake a Chilembwe analalikira m'tchalitchi chawo mutu wa Livingstone uli poonekera. Pa 26 Januwale anthu awo anawotcha mishoni ya Akatolika ku Nguludi n'kuvulaza wansembe. Ku Ntcheu, kumene Filipo Chinyama ankayenera kudzutsa anthu, zinthu sizinayende. Mafumu ambiri sanalowerere.

Pali mfundo ina imene sititchula kawirikawiri. A Chilembwe anatuma munthu ndi kalata kwa Ajeremani ku German East Africa kukapempha thandizo. Munthu amene anakana kuti anthu ake afere Britain anaika chiyembekezo chake pa dziko lina lamphamvu, lomwenso zaka khumi m'mbuyomo linapha anthu ambirimbiri pothetsa kuwukira kwa Maji Maji. Thandizolo silinabwere. Pa 3 Febuluwale 1915 apolisi achikuda anawawombera m'boma la Mulanje akuthawira ku Mozambique. Boma linaphwasula tchalitchi cha ku Mbombwe ndi mabomba, linapha anthu pafupifupi 40 atazengedwa milandu mwachangu, kuphatikizapo John Gray Kufa amene anali mkulu wa mpingo wa Blantyre Mission, ndipo linatsekera m'ndende ena pafupifupi 300. Midzi yambiri inawotchedwa, ndipo anthu ena anaphedwa popanda mlandu wawo kumvedwa.

Ife amene timaloweza lamulo lachisanu ndi chimodzi sitingadutse pa imfa za usiku uja ngati kuti panalibe kanthu. Livingstone anali ndi mkazi ndi ana, ndipo guwa la Mulungu si malo oikapo mutu wa munthu. Mpingo wathu kuyambira kale umalimbikitsa mamembala ake kusanyamula zida. Komabe sitingaweruze mwachilungamo tikayambira nkhaniyi pa 23 Januwale. Tiyenera kuyambira pa matchalitchi owotchedwa aja, pa chikoti cha ku Magomero, ndi pa kalata imene boma linaibisa m'malo moiyankha. Ngakhale bungwe lofufuza limene boma lomwelo linakhazikitsa linavomereza mu 1916 kuti Livingstone ankazunza antchito.

Funso la m'kalata ija linadzayankhidwa ndi zochitika. Nkhondoyo, imene makolo athu anaitcha Chiwaya, inapitirira mpaka 1918. Amuna pafupifupi 200,000 a dziko lino anatengedwa kukhala atengatenga, kusenza katundu wa asilikali, ndipo ambiri anafera m'njira ndi njala ndi matenda. Nkhondo itatha, Britain inalandira dziko la Ajeremani lija n'kulitcha Tanganyika. Eni dziko lino sanalandire kanthu. Thangata anapitirira, ndipo Mwafrika woyamba analowa m'nyumba ya malamulo ya Nyasaland mu 1949, patatha zaka 34 a Chilembwe atamwalira. Boma linayambanso kukayikira amishoni akuda a ku America ndi mipingo ing'onoing'ono, ndipo PIM inakhala yotsekedwa mpaka 1926 pamene Dr. Daniel Malekebu, amene anali mwana wa sukulu pa Mbombwe pomwepo, analoledwa kuitsegulanso.

Mayina a mayiko amphamvu asintha, koma nkhani za Africa zikukambidwabe ku Washington, ku Beijing, ku Moscow ndi ku Brussels, makamaka kumene kuli miyala ya mtengo wapatali, mafuta ndi gasi. Tikamamva za nkhondo ya kum'mawa kwa Congo kapena ya ku Cabo Delgado, mafunso a m'busa wa ku Mbombwe ndi omwe aja: wagamula ndani, adzafe ndani, adzapindule ndani. Ena mwa ife tidzakhala aphunzitsi, anamwino, abusa, mwinanso nduna zosaina mapangano ndi mayiko amenewa. Ena tidzakhala pa mipando imene makalata a anthu odandaula amafikira. Kalata ya Novembala 1914 inafika pa tebulo la munthu wina amene anali ndi mphamvu yoiyankha, koma anaibisa. Ikadzafika pa tebulo lathu, tidzaiwerenge mpaka kumapeto ndi kuiyankha mwini wake akadali ndi cholembera m'manja.