THOMAS BAINES, MMISIRI WA PENSULO NDI UTOTO WAMADZI

M'masiku amene makina ojambulira zithunzi anali asanafale, Azungu opita kukafufuza maiko achilendo ankatenga pa ulendo wawo munthu wodziŵa kujambula ndi dzanja. Ntchito yake inali yoika pa pepala mitsinje, mapiri, nyumba, mitengo ndi anthu, kuti otsala kumudzi akaone zimene apaulendowo anaona. Mmodzi wa amisiri otere amene anayenda m'chigwa cha Zambezi ndi Thomas Baines. Mphunzitsi wa zojambulajambula ayenera kuudziŵa moyo wa munthu ameneyu, pakuti umaonetsa kuti luso la kujambula limayambira m'maso, ndipo dzanja limangotsatira.

Baines anabadwa m'chaka cha 1820 ku King's Lynn, mzinda wa padoko ku England. Bambo wake anali woyendetsa zombo. Ali mnyamata anatumizidwa kukaphunzira ntchito yopaka utoto ndi kukongoletsa ngolo zokokedwa ndi akavalo. Ntchito imeneyi siinali yaulemu pakati pa amisiri otchuka a nthaŵi imeneyo, koma inamphunzitsa kusakaniza utoto, kugwira burashi mosanjenjemera ndi kumaliza chimene wayamba. M'chaka cha 1842 anafika ku Cape Town, kumene ankapeza chakudya pojambula zombo ndi nkhope za anthu. Pambuyo pake anasamukira ku Grahamstown, ndipo m'zaka za 1851 ndi 1852 anatsagana ndi asilikali a Britain monga wojambula wawo pa nkhondo yolimbana ndi Axhosa. Kuyambira 1855 mpaka 1857 anali kumpoto kwa Australia pa ulendo wotsogozedwa ndi Augustus Gregory, ndipo mtsinje wina kumeneko umatchedwa dzina lake mpaka lero.

Kachitidwe kake ka ntchito ndiko kamene tiyenera kukaonetsetsa. Kulikonse kumene ankapita sankasiya kabuku ka mapepala ndi pensulo. Akaona chinthu, ankayamba ndi mizere yopepuka yosonyeza msinkhu ndi maonekedwe ake, kenaka n'kupaka utoto wamadzi pamwamba pake, ndipo kaŵirikaŵiri ankalembapo tsiku ndi dzina la malowo. Zithunzi zazikulu za utoto wamafuta ankazipanga pambuyo pake atakhala pansi, akuyang'ana m'kabuku muja. Utoto wamadzi unali woyenera munthu wapaulendo chifukwa ndi wopepuka, umauma msanga, ndipo madzi ake amatungidwa pamtsinje uliwonse. Koma tsono ndi utoto wosakhululuka. Kuyera kwa pepala ndiko kumaimira kuŵala, kotero kuti wojambula ayenera kudziŵiratu malo oti asapakepo kanthu. Amayamba ndi mitundu yoyererapo n'kutsirizira yakuda, ndipo akalakwitsa sangafute monga timafutira pensulo. Munthu wogwiritsa ntchito utoto wotere amakakamizika kupenyetsetsa asanagwire burashi.

M'chaka cha 1858 Baines analembedwa ntchito pa ulendo wa David Livingstone wokafufuza mtsinje wa Zambezi. Anapatsidwa maudindo aŵiri, wojambula ndi wosunga katundu wa gulu lonse. Nthaŵi yake yambiri anakhala ku Tete, mzinda umene eni ake amautcha Nyungwe, ndipo chilankhulo chawo n'chapachibale ndi chathu. Kumeneko anajambula mzindawo monga umaonekera munthu ali tsidya lina la mtsinje, nyumba za Apwitikizi zitandandalika pamtunda, mabwato ali pamadzi. Anajambula anthu akukumba malasha, ena akukonza shuga kuchokera ku mizimbe, ndiponso miyala ndi mathithi a Kebrabasa amene anatsekereza sitima yawo yotchedwa Ma Robert. Malo amenewo lero anamizidwa ndi damu la Cahora Bassa, motero zithunzi zake zili m'gulu la mboni zoŵerengeka za mmene chigwacho chinkaonekera. Palinso chithunzi chake china chokhudza dziko lathu, choonetsa njovu ili m'madzi a mtsinje wa Shire, anthu a m'sitima akuiwombera.

M'zithunzi za ku Tete timaona mitundu itatu ya ntchito yake itakumana pamodzi. Pojambula nyumba ankasamala kuti mizere ya zipupa ndi madenga izinka iyandikana pamene ikupita kutali, monga diso limaonera. Pojambula dziko ankaika utoto wamphamvu pa zinthu zapafupi ndi wofooka pa mapiri akutali. Anthu sankaŵaimika ngati zitsa, koma ankaŵagwira ali pantchito, wina ataŵerama, wina atasenza, wina akupalasa bwato. Munthu woikidwa pafupi ndi mtengo kapena thanthwe amakhalanso muyeso, pakuti woona chithunzi amadziŵira pamenepo kukula kwa zinthu zinazo.

Ulendo wa Zambezi unamthera moŵaŵa. Malungo anamgwira kangapo mpaka kumabwebweta, ndipo katundu wina, makamaka shuga, anapezeka atachepa m'nkhokwe. Charles Livingstone, mng'ono wake wa David, anamneneza, ndipo m'chaka cha 1859 Baines anachotsedwa ntchito pa mlandu wakuba ndi wotaya nthaŵi pojambula nkhope za Apwitikizi. Iye anakana mlanduwo ndipo anapempha kaŵirikaŵiri kuti uzengedwe poyera, koma Livingstone sanalole. Olemba mbiri ambiri amene anafufuza nkhaniyi amaona kuti anamlakwira. Chitonzo chimenechi chinamtsata moyo wake wonse.

Komabe sanataye burashi. M'chaka cha 1861 ananyamuka ku Walvis Bay pamodzi ndi James Chapman, wamalonda ndi mlenje, ndipo m'mwezi wa July 1862 anafika ku mathithi a Mosi-oa-Tunya, amene Livingstone anaŵatcha Victoria. Panjira anajambula kagulu ka milambe m'dziko limene tsopano ndi Botswana, ndipo milambeyo imadziŵika ndi dzina lake. Chapman anatenga makina ojambulira, koma sanapindule nawo pa mathithiwo. Baines anazungulira phompho lija masiku angapo, nkhungu ya madzi ikumnyowetsera mapepala, akujambula mbali ndi mbali kufikira atamvetsa kapangidwe ka malo onse. Pomaliza anatha kujambula mathithiwo monga angaonekere kwa mbalame ili m'mwamba, ngakhale kuti iye sanachokepo pansi. Zithunzizo zinasindikizidwa ku London m'chaka cha 1865.

Tisabise kuti Baines anali mwana wa nthaŵi yake. Pa nkhondo ya Axhosa anaima kumbali ya olanda dziko. Kuyambira 1869 anagwirira ntchito kampani yofuna golide, ndipo m'chaka cha 1871 analandira kwa mfumu Lobengula ya Amandebele chilolezo chokumba miyalayo. Iye sanalemere nacho, koma chilolezocho chinadzafika m'manja mwa kampani ya Cecil Rhodes. Zithunzi zake zinkathandiza a ku Ulaya kuona Afrika ngati dziko lodikira mwini watsopano. Poonetsa ana zithunzi zotere, mphunzitsi aŵafunse kuti wojambula anaima pati, anajambulira yani, ndipo anasiya chiyani. Baines anamwalira ndi kamwazi ku Durban pa 8 May 1875, ali wosauka, akukonzekera ulendo wina. Ntchito zake zambiri zikusungidwa ku Royal Geographical Society ku London ndi kumalo osungirako mbiri yakale ku Harare.

M'makalasi mwathu muli chizoloŵezi chakuti mphunzitsi ajambule nyumba pabolodi, ana onse n'kukopera. Zotsatira zake n'zakuti mwana wa ku Nsanje ndi wa ku Karonga amajambula nyumba imodzimodzi ya mazenera aŵiri ndi utsi pamwamba, imene sanaionepo m'mudzi mwawo. Njira ya Baines ndi yosiyana. Tulutsani ana panja, aliyense ndi pepala lake, akhale pansi moyang'ana nkhokwe, chigayo, tchalitchi kapena phiri la kwawo. Ayambe apenya mwakachetechete, ayeze msinkhu wa chitseko poufanizira ndi wa munthu woima pafupi, ndipo pomaliza alembe tsiku ndi malo. Pamene palibe utoto wa m'sitolo, makala, dothi la katondo ndi madzi a masamba ofinyidwa zimagwira ntchito, ndipo kamtengo kotafunidwa kunsonga kamaloŵa m'malo mwa burashi.

Mapepala amenewo asatayidwe pakutha pa phunziro. Asokereni pamodzi akhale kabuku ka mwana aliyense, ndipo malo omwewo akajambulidwenso nthaŵi ya dzinja ndi ya chilimwe. Mphunzitsi poonga ntchitoyo asayambe ndi funso lakuti chithunzi n'chokongola kapena ayi. Ayambe wapita ndi mwanayo pamalo pamene anakhala, aŵerenge pamodzi nsanamira za nkhokwe ija, aone ngati zili m'chithunzi zikufanana ndi zimene zaima pansi.