John Allen, mmisiri amene adamanga mapiri ndi njanji pansi pa nyumba yake

Mwana wa m'chigwa cha Domasi amakula akuona phiri la Zomba mbali ino, la Malosa mbali inayo, mtsinje ukutsika pakati pawo kulinga ku nyanja ya Chilwa. Chimene saona ndi sitima yapamtunda, pakuti njanji idalambalala Zomba. Woifuna ayenera kukafika ku Liwonde, kumene njanji ya Nkaya ndi Nayuchi imaoloka Shire. Komabe mwanayo akapeza waya, dongo ndi zitsekerero za mabotolo, amadzipangira galimoto, msewu ndi mlatho pabwalo, akulu n'kumati akungosewera. Ku America kudali munthu wina amene masewera otere adawasandutsa ntchito ya moyo wake wonse, ndipo ngakhale papita zaka zoposa 50 chimwalirireni, amisiri a tisitima tating'ono amamutchulabe ngati mphunzitsi wawo. Dzina lake lidali John Allen.

Allen adabadwa pa 2 July 1913 ku Joplin, m'chigawo cha Missouri. Umasiye udamupeza msanga. Bambo ake adamwalira ndi taifodi iye ali ndi zaka zitatu, ndipo pambuyo pake mayi akenso adatsamira mkono ndi mliri wa chimfine. Adaleredwa ndi achibale, ndipo atadwala nthenda yofooketsa mtima adasamukira ku California, kumene nyengo ndi yofunda. Kumeneko adaphunzira zojambulajambula, makamaka kutola zithunzi. Pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse adatsegula malo ojambulira anthu mumzinda wa Monterey, ndipo ambiri obwera kudzajambulitsa adali asilikali. Mu 1946 adagulitsa bizinesiyo, ndalama zake n'kuziika poti zizipindula, ndipo adapuma pa ntchito ali ndi zaka 33 zokha.

Nthawi imene adaipezayo adaithera pa tisitima toyendera magetsi ta muyeso wotchedwa HO. Pa muyesowu chinthu chilichonse chimachepetsedwa ka 87: munthu wamtali mamita 1.74 amasanduka kachidole ka masentimita awiri, ndipo zitsulo ziwiri za njanji zimatalikirana mamilimita 16.5. Njanji yake adaitcha Gorre & Daphetid, dzina lanthabwala limene likatchulidwa m'Chingerezi limamveka ngati likunena za munthu wokhathamira magazi ndi wogonja pankhondo. Yoyamba idali yaing'ono yokwana pathebulo. Yachiwiri idakula. Mu 1953 adagula nyumba yomangidwa pamtsetse, adakumba dothi la pansi pake kuti apeze chipinda chachikulu, ndipo mu 1954 adayamba njanji yachitatu. Yoyamba ija sadaitaye. Adailowetsa mkati mwa yatsopanoyo, monga munthu womanga nyumba yamalata asiya kanyumba kake koyamba kali chiimire pabwalo.

Chidamutchukitsa Allen ndi maonekedwe a dziko limene njanjiyo inkadutsamo. Anzake ambiri ankayala njanji pathabwa lathyathyathya, n'kuika timitengo ndi tinyumba pambali. Iye adaumba mapiri a pulasitala oyambira pansi penipeni kukafika kudenga, kotero kuti mlendo ankaima m'chigwa, matanthwe atamuzinga, sitima zikudutsa pamwamba pa phompho. Njanji inkakwera mokhotakhota, kulowa m'mapanga oboola phiri ndi kuoloka milatho yoposa 100, ina yamitengo, ina yooneka ngati yachitsulo kapena yamiyala. Ntchito yotere imafuna masamu. Chikweza chikanyanya, injini imalephera kukoka mabogi. Pokhota pakathina, magudumu amachoka m'njanji. Allen ankayamba wayeza ndi kujambula papepala asadakhome msomali ngakhale umodzi.

Diso la wojambula zithunzi lidamuthandiza kunyenga maso a oonerera. Nyumba zakutali ankazimanga zocheperako kuposa zapafupi kuti mtunda uoneke wautali. M'makona adabisamo magalasi oonerapo nkhope, ndipo tauni yaing'ono inkaoneka ngati ikupitirira kuseri kwa khoma. Nyale zinkazilala pang'onopang'ono mpaka kugwa mdima, mazenera a tinyumba n'kuyamba kuwala.

Chachikulu koposa, adakana zonyezimira. Adaona kuti sitima yeniyeni imakhala ndi mwaye, dzimbiri ndi fumbi, choncho tisitima take ndi tinyumba take ankatipaka utoto woti tioneke tokalamba ndi togwiritsidwa ntchito. Kanyumba kake kosungiramo mainjini, kamene kadapambana mpikisano mu 1948, kadali ndi nkhunda padenga pamodzi ndi zitosi zake. Akale adati kuona maso a nkhono n'kudekha: luso la Allen lidayambira pa kuyang'anitsitsa zinthu zimene ena ankangozidutsa.

Njanjiyo siidali yongoonera. Mlungu uliwonse anzake ankasonkhana kudzayendetsa sitima motsata ndandanda ya nthawi, kutenga mabogi a katundu siteshoni ina kukawatula ina, monga imachitira kampani yeniyeni. Adapekanso masewera otchedwa Timesaver, osuntha mabogi pa mphambano zochepa za njanji, amene adatuluka m'magazini ya Model Railroader ya November 1972.

Pa 6 January 1973 mtima uja udamugonjetsa, ali ndi zaka 59, chigawo chomaliza cha njanji yaikulu chisadalumikizidwe. Patatha masiku khumi anzake adasonkhana kuyendetsanso sitima ndi kukambirana za kusunga ntchitoyo. Atabalalika, moto wochokera ku chotenthetsera chipinda udabuka, ndipo ntchito ya zaka pafupifupi 20 idasanduka makala usiku umodzi.

Chimene moto sudathe kunyeketsa ndi zithunzi. Allen ankajambula ntchito yake pa sitepe iliyonse ndi kulemba m'magazini momwe ankachitira, osabisa nzeru. Mu 1981 buku la mnzake Linn Westcott, lotchedwa Model Railroading with John Allen, lidatuluka, ndipo anthu amene sadapondemo m'chipinda chija akuphunzirabe kuumba matanthwe ndi kumanga milatho kuchokera m'zithunzizo.

Ku Domasi komweko kuli Malawi Institute of Education, imene yakhala ikulimbikitsa aphunzitsi njira ya TALULAR, yophunzitsira pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pafupi. Mwana womanga mlatho wa mapesi pakangalande amakhala akuyeza, kuyerekeza ndi kukonza pamene palakwika, monga ankachitira Allen. Kusiyana kwake n'kwakuti za Allen zidajambulidwa, pomwe za mwanayo zimapita ndi mvula yoyamba kapena tsache la m'mawa. Lero pafupifupi mudzi uliwonse uli ndi foni yojambula. Kholo kapena mphunzitsi akaona ntchito yotere, aime kaye, amufunse mwanayo momwe waipangira, aijambule asadasese.