Abusa Andrew Murray: Mlaliki Amene Anaphunzira Kukhala Chete

Amayi a Chigwirizano, mishoni ya Nsadzu kuno ku Chadiza inatsegulidwa mu 1908 ndi amishoni a Dutch Reformed ochokera ku Orange Free State, omwe anayamba ntchito ku Magwero mu 1899. Mbusa woyamba wa ku Bloemfontein, likulu la dera limenelo, anali abusa Andrew Murray.

Iwo anabadwira ku Graaff-Reinet mu 1828, ndipo anaphunzira ku Aberdeen ndi ku Utrecht. Anafika ku Bloemfontein mu 1849 ali ndi zaka pafupifupi 21. Anali munthu wachangu, wosafuna kupuma. Ankayenda maulendo aatali pa ngolo, kulalikira ndi kubatiza, mpaka thupi linafooka. Mu 1860 anasamukira ku Worcester, ndipo mu 1871 anapita ku Wellington, kumene anathandiza kukhazikitsa sukulu ya atsikana ya Huguenot Seminary mu 1874. Dzina lawo linatchuka, maudindo nkumachulukirachulukira.

Mu 1879 anadwala pakhosi, mawu nkutsekeka. Kwa zaka zoposa ziwiri sanathe kulalikira monga kale. Taganizirani mlaliki wopanda mawu! Pa nthawi imeneyi anazindikira kuti ntchito ya Mulungu siimira pa mphamvu za munthu mmodzi, ndi kuti nthambi imabala zipatso pokhala mwa mpesa, monga tiwerenga pa Yohane 15. Anachira mu 1882 ali ku London. Amene ankawadziwa anaona kuti abwera ofatsa ndi odzichepetsa.

Kufatsako sikunazimitse changu chawo. Analemba mabuku ochuluka, lina lokhudza kudzichepetsa. Anatsogolera bungwe la abusa limene linatuma mwana wa mchimwene wawo, A.C. Murray, kukayamba mishoni ya Mvera ku Malawi mu 1889. Chaka chomwecho amayi a kunyumba kwawo, Emma, anakhala mtsogoleri woyamba wa bungwe la amayi lothandiza mishoni. Abusa Murray anamwalira ku Wellington pa 18 Januwale 1917.

Amayi anzanga, kufuna kutukula banja, kukulitsa munda kapena kutsogolera pa Chigwirizano si tchimo ayi. Choopsa nchakuti mtima uzingothamanga, tulo osabwera, pemphero nkukhala lachidule, mnzathu akasankhidwa ife nkudwala nazo. Tisadikire matenda kuti atikhazike pansi. Tiyambe tsiku pa mapazi a Ambuye, kenaka tinyamule khasu ndi mtima wa mtendere.