Kamuzu Banda: Nduna ya makhonsolo imene idamanga likulu n'kusiya Mtandire kunja kwa mapu

Dr Hastings Kamuzu Banda amakumbukiridwa ngati munthu amene adaphwanya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland n'kulamula dziko lino kwa zaka 30. Chimene sichikambidwa kawirikawiri n'chakuti mpando wake woyamba m'boma, chipani cha Malawi Congress chitapambana chisankho cha mu August 1961, udali wa nduna yoona zachilengedwe ndi maboma ang'onoang'ono. Makhonsolo adali m'manja mwake asadakhale nduna yaikulu, ndipo zimene adachita nawo zikuonekabe mumzinda wa Lilongwe, kuyambira ku Area 25 mpaka ku Mtandire.

Kamuzu adabadwira ku Kasungu cha m'ma 1898, ngakhale kuti boma lake linkalemba kuti adabadwa pa 14 May 1906. Adaphunzira m'sukulu za mishoni za kwawoko, kuphatikizapo ya Chilanga. Akadali mnyamata adanyamuka wapansi kupita ku Hartley, tauni ya ku Southern Rhodesia imene lero ikutchedwa Chegutu, komwe adagwira ntchito yosesa m'chipatala. Kuchoka uko adalowera ku South Africa, nakalembedwa ntchito ya ukalaliki ndi kutanthauzira pamgodi wa golide kufupi ndi Johannesburg.

M'chaka cha 1925 mpingo wa African Methodist Episcopal udamuthandiza kupita ku America. Adaphunzira ku Wilberforce m'chigawo cha Ohio, adalandira digiri ku University of Chicago mu 1931, ndipo mu 1937 adamaliza maphunziro a udokotala ku Meharry Medical College. Atawonjezera maphunziro ku Edinburgh mu 1941, adachiza odwala ku Liverpool, North Shields ndi London, kenaka ku Kumasi m'dziko la Ghana. Wosesa wa ku Hartley adafika pa udokotala chifukwa cha khama lake, komanso chifukwa pa sitepe iliyonse padapezeka mpingo kapena munthu wakufuna kwabwino womugwira dzanja. 

Adabwerera kumudzi pa 6 July 1958 ataitanidwa ndi atsogoleri achinyamata a Nyasaland African Congress. Pa 3 March 1959 adamangidwa n'kutumizidwa kundende ya Gwelo, ndipo adatulutsidwa mu April 1960. Pambuyo pake ankakonda kufotokoza kuti ali m'ndendemo adalota zinthu zitatu: kusamutsa likulu kuchoka ku Zomba kupita ku Lilongwe, kukhazikitsa sukulu ya ukachenjede, ndi kulambula msewu wa m'mbali mwa nyanja.

Zaka zake zoyamba pa unduna zidawapatsa moyo makhonsolo. Makhansala adayamba kusankhidwa ndi anthu, ma DC adachoka pampando wotsogolera makhonsolo, ndipo makhonsolowo adapatsidwa udindo woyang'anira sukulu za pulaimale, misika ndi misewu ing'onoing'ono. Izi ndi ntchito zimene zimamukhudza munthu wamba pakhomo pake. Mwana akapeza malo m'kalasi, mayi akapeza benchi mumsika, mlimi akapeza mlatho wowolotsera mbewu zake, banja limayamba kusuntha.

Nyengoyi sidakhalitse. Patangopita miyezi iwiri dziko litalandira ufulu pa 6 July 1964, Kamuzu adasemphana ndi nduna zake, ndipo zingapo zidathawa m'dziko muno. Mu 1966 Malawi idasanduka dziko la chipani chimodzi, ndipo mu 1971 iye adakhala mtsogoleri wamuyaya. Mphamvu zonse zidasonkhana pamalo amodzi. Wofuna ukhansala ankayenera kuvomerezedwa ndi chipani, nkhani za chitukuko zidapita kumakomiti otsogoleredwa ndi ma DC, ndipo makhonsolo adatsala ndi dzina koma thumba lili pululu. Ngakhale msika, umene ndi munda wa munthu wa m'tauni, udasanduka chipata cha ndale, poti anyamata a chipani ankaima pakhomo kufunsa khadi. Wopanda khadi ankabwerera ndi dengu lake.

Ntchito yomanga likulu sadaipereke kukhonsolo. Boma la Britain litakana kuthandiza, Kamuzu adatembenukira ku South Africa, dziko limene maiko ambiri a mu Africa ankalisala chifukwa cha tsankho, ndipo lidamukongoza ndalama zokwana R8 miliyoni. Mu 1968 adakhazikitsa bungwe la Capital City Development Corporation, CCDC mwachidule, limene lidatenga malo, kusamutsa midzi, kugawa mzinda m'madera a manambala ndi kumanga Capital Hill. Mafakitale adaikidwa ku Kanengo. Lilongwe idakhala likulu mu 1975, ndipo mu 1979 njanji yochokera ku Salima idafika mumzindawu.

Pa mapulani amenewa, chimene chidatukula mabanja ambiri sichidali maofesi a boma ayi, koma mapuloti a anthu opeza zochepa m'madera onga Area 23 ndi Area 25, kuwonjezera pa malokeshoni akale a Kawale ndi Biwi. Bungwe linkadula puloti, kulambula msewu wafumbi, kukonza chimbudzi chokumba ndi kuika mpopi wa madzi woti anthu ambiri azitungapo. Nyumba ankamanga ndi mwini wake, ndi zidina kapena njerwa zootcha, monga momwe thumba lake lalolera, n'kumalipira kandalama kochepa ka malo. Mesenjala kapena kalipentala amene adapeza puloti yotere ankayamba ndi zipinda ziwiri, kenaka n'kumanga zina kuseri zochititsa lendi. Lendiyo inkalipira fizi ya ana, ndipo anawo ndi amene pambuyo pake adakhala aphunzitsi, anamwino ndi akalaliki. Malo odziwika malire ake, amene munthu saopa kuti mawa adzamuthamangitsapo, adasanduka mpamba wa banja lonse.

Koma walira mvula walira matope. Mu 1966 Lilongwe idali ndi anthu pafupifupi 19,000. Pofika 1977 adali pafupifupi 99,000, ndipo kalembera wa 1987 adapeza oposa 220,000. Mapuloti adachepa, mndandanda wa odikira udatalika, ndipo CCDC idathetsedwa mu 1984. Anthu amene ankabwera kudzaumba njerwa, kumanga, kulondera ndi kugwira ntchito m'nyumba za mabwana sakadadikira. Adapita kwa mafumu a midzi ya m'mphepete mwa mzinda n'kugula timalo tomangapo. Umu ndi momwe Chinsapo, Mgona ndi Mtandire zidakulira.

Mtandire, yomwe lero ili m'dera la Area 56, idayandikana ndi nyumba zamipanda za ku Area 47, komwe ambiri mwa anthu ake amapezako ganyu. Poti malowa sadali pa mapu a olemba mapulani, nyumba zidayamba kumera misewu, ngalande ndi mipopi zisadafike. Womanga kumeneko amakhala ndi mawu a mfumu koma alibe chikalata chimene banki ingalandire ngati chikole. Kamuzu ankabwereza pamisonkhano kuti akufuna anthu ake akhale ndi chakudya chokwanira, zovala zabwino ndi nyumba zosadontha. Ku Mtandire lonjezo lachitatulo aliyense adadzionera yekha, ndipo padalibe khansala woima payekha amene akadalimba mtima kukafunsa chifukwa chake.

Ulamuliro umene udamanga chipatala cha Kamuzu Central, bwalo la ndege la ku Lumbadzi ndi Kamuzu Academy ndi womwewonso udatsekera anthu ambirimbiri m'ndende popanda kuwazenga mlandu. Mu May 1983 nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, adaphedwa ku Mwanza. Kalata ya maepiskopi a Katolika ya mu March 1992 idatsegula pakamwa pa anthu, ndipo pa 14 June 1993 Amalawi adavotera ndale za zipani zambiri. Pachisankho cha pa 17 May 1994 Kamuzu adagonja kwa Bakili Muluzi, navomereza kugonjako. Adazengedwa mlandu wa ku Mwanza koma khoti lidamupeza wosalakwa mu 1995. Adamwalira pa 25 November 1997 kuchipatala ku Johannesburg, ndipo adaikidwa m'manda ku Lilongwe.

Makhonsolo amene adawafooketsa sadadzuke msanga. Madera a mapuloti aja adaperekedwa kumakhonsolo a mizinda kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, koma popanda ndalama zodulira ena ochuluka. Lamulo latsopano la maboma ang'onoang'ono lidabwera mu 1998, makhansala adasankhidwa mu 2000, kenaka kuchokera 2005 mpaka 2014 dziko lidakhala lopanda khansala ndi mmodzi yemwe. Mkati mwa zaka zimenezi, amayi a ku Mtandire adayamba mu 2003 magulu osunga ndalama pang'onopang'ono, amene adakula n'kukhala mgwirizano wa anthu osowa pokhala m'dziko lonse. Khonsolo ya Lilongwe itawapatsa malo ku Area 49, mabanja oposa 200 adamanga nyumba zawozawo. Njira yake idali yomwe ija ya mapuloti a m'nthawi ya Kamuzu, kusiyana kwake n'kwakuti ulendo uno eni ake ndiwo adayambitsa.

Kalembera wa 2018 adapeza anthu 989,318 mumzinda wa Lilongwe, ndipo ambiri mwa iwo akukhala m'madera amene sadakonzedwe. Kamuzu adasonyeza kuti puloti, msewu, madzi, msika ndi sukulu zingathe kulichotsa banja pa umphawi m'mbadwo umodzi. Adasonyezanso kuti zinthuzi zikamadalira mtima wa munthu mmodzi, zimalekera pomwe maso ake alekera. Ntchito yozifikitsa ku Mtandire idatsalira khonsolo ya mzinda ndi makhansala amene anthu a kumeneko amawasankha.