Amai a citini ca miyala

Lolemba m'mawa minibasi yathu inafera pakati pa mseu. Kondakitala, amene anali kutikalipira cifukwa ca cenji, anangoti zii. Amai ena a dengu la tomato ndiwo anayamba kutsika, namanga citenge, nayamba kukankha. Ise azibambo manyazi atatigwira tinawatsatira. Ndili kukankha conco ndinakumbukira Amai Julia Chikamoneka.

Manje ana ambiri a masiku ano sawadziwa. Dzina lao leni-leni linali Julia Mulenga Nsofwa, ndipo kwao kunali ku Kasama. Kusukulu sanapite patali. Atabwera ku Lusaka anakhala ogulitsa pamsika, monga azimai amene timakwera nao basi m'mamawa.

Masiku a Federation, kuyambira 1953 mpaka 1963, munthu wakuda sanali kulowa m'mabucha ndi m'masitolo ambiri a azungu. Anali kugulira pakawindo kumbali, ndalama yake yomweyo, nyama osasankha. Amai Julia anali pakati pa azimai amene anauza anthu kuti aleke kugula m'malo otere. Apolisi anawagwirapo, koma akatuluka anali kubwerera pomwepo.

Foni kunalibe, ndipo wailesi inali ya boma. Nanga msonkhano wa cipani anthu adziwa bwanji? Amai Julia anali kuika miyala m'citini n'kuyenda usiku mukomboni akuciliza. Amene wamva, wadziwa kuti kuli msonkhano. Taganizani: citini ciliza dzina la mwini wake. Kapokola akamva, ogwidwa ni iwo, osati amene agona m'nyumba.

Mu March 1960, Iain Macleod, nduna ya Britain yoyang'anira maiko a atsamunda, anafika ku Lusaka. Amai Julia ndi anzao a UNIP anamucingamira pabwalo la ndeke, navula kumtunda, mabere poyera. Ife tidziwa tanthauzo lake. Mai wamkulu akavula pagulu, ndiye kuti mau onse atha, catsala ni ulemu wake cabe, ndipo waupereka. Macleod anali ndi ofesi, cidindo ndi apolisi. Amai Julia analibe olo cimodzi mwa izi. Koma khamu linali kumbuyo kwa ndani?

Ufulu unabwera pa 24 October 1964. Amai Julia sanakhale nduna, sanayende m'motoka ya mbendera. Anthu ndiwo anawapatsa dzina lakuti Mama UNIP, dzina limene palibe ofesi ingalembere munthu. Anamwalira mu 1986.

Ine cimene ndaphunzirapo n'ici. Wa udindo timamumvera cifukwa ali ndi cotilanda: mpando, setandi pamsika, nchito. Mukamucotsa cidindo, mau ake atha. Mtsogoleri timamutsatira cifukwa zimene atipempha wayamba kale kuzicita yekha, ndipo zikavuta woyamba kulipira ni iye.

Tikasankha ceyamani wa pamsika, wa pasiteshoni kapena khansala, tisayang'ane suti kapena kukula kwa mau. Tifunse anthu a mukomboni mwake kuti madzi atasefukira, iye anali kuti.

Paja basi ija inalira titakankha kawiri. Amai aja anakwera, naika dengu pamiyendo, osanena kanthu. Kondakitala mau anamubwerera pomwepo, ati tipereke ndalama.